Chidindo cha ahedi pa lamulo la Folomu 2

Chaka changa chachiwiri cha uphunzitsi ndinali pa kasukulu kena ka mpingo konkuno ku Chiradzulu, ka sekondale koyendera, ka midadada iwiri ndi ofesi ya ahedi yomwe tinkasungiramonso makasu. Ndinkaphunzitsa Folomu 2, ndipo teremu yoyamba tinafika pa mutu wa mmene malamulo a dziko amapangidwira. Ndinaulemba pa bolodi katatu konse. Bilu imalowa m'Nyumba ya Malamulo, aphungu amakambirana, amavota, pulezidenti amasaina. Anawo ankakopera bwinobwino m'makope mwawo, zilembo zokongola, koma ukawafunsa kuti bilu n'chiyani ankangoti duu, maso pa desiki.

Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Tsiku lachitatulo ndinaponya choko pansi n'kunena kuti basi, zokopera zatha, Lachinayi m'kalasi muno mukhala Nyumba ya Malamulo ndipo inuyo mukhala aphungu. Anaseka. Ine sindinaseke, ndipo m'njira yonse yobwerera kunyumba ndinkadzitama ndekha kuti ndapeza nzeru yoposa ya m'buku.

Kugawa kwake sikunavute. Okhala mbali ya mawindo ndinati ndi a boma, okhala mbali ya khomo ndi otsutsa. Monitala wa kalasi, mnyamata wamtali yemwe Lamlungu ankawerenga mawu kutchalitchi, ndinamupatsa usipikala, ndipo ndodo yake inali mpini wa khasu wokulungidwa ndi pepala lonyezimira. Chinatsala chinali bilu yoti akanganirane. Ndinkafuna nkhani yowakhudza, yoti ngakhale ogona aja adzuke, ndipo masiku amenewo chinkandipweteka mutu chinali gulu la anyamata ochedwa dala, omwe ankayamba aima pa gulosale kumvera za mpira. Choncho ndinalemba ndi dzanja langa kuti wophunzira aliyense wa Folomu 2 wochedwa katatu pa mwezi achotsedwe sukulu. Ndinkadziwa kuti ndi lamulo lankhanza. Ndinachitira dala, poganiza kuti aligwetsa n'kuphunzirapo kuti bilu yoipa imakanidwa.

Bilu imafuna nduna yoibweretsa. Ndinasankha mtsikana wina wokhala kutsogolo pawindo, wochepa thupi, wa m'banja la Chisilamu, yemwe ankachokera kutali cha kunjira ya ku Namitambo. M'kalasi monsemo panalibe wolankhula bwino ngati iye. Nditamupatsa pepalalo analiwerenga kawiri, n'kundiyang'ana.

"Madamu, ineyo?"

"Iweyo, nanga ndani? Ndiwe nduna ya maphunziro. Nduna siikana bilu ya boma lake. Uiteteze mpaka idutse."

Anati chabwino. Ndinkadziwa kuti kwawo n'kutali, koma unali mwezi wa Novembala, mvula isanagwe, ndipo sindinali nditamuonapo atachedwa. Za mtsinje womwe ankawoloka m'mawa uliwonse sindinkazidziwa, komanso sindinafunse.

Lachinayi litakwana zinayamba kundisokoneza kuyambira pa khomo. Pa sukulu pathu chilichonse chimayamba ndi pemphero, kaya msonkhano, kaya mpira, kaya kugawa mabuku. Sipikala asanakhale pansi anauza nyumba yonse kuti iimirire, ndipo anapemphera pemphero lalitali, kupempha Mulungu kuti adalitse lamulo lomwe lipangidwe m'nyumba muno kuti likhale lolimba ndi losagwedezeka. Onse anati Ameni, ndi ine ndemwe. Nanga pemphero ungalidule pakati n'kunena kuti pepani, izi n'zongoyeserera?

Kenako otsutsa aja. Abale inu! Woyamba kuimirira anayamba ndi kupepesa. Anati pepani olemekezeka a boma, sikuti ndikukunyozani, koma Madamu ndi amene atiuza kuti tizitsutsa. Wachiwiri, mtsikana wa m'kwaya, anagwada pansi polankhula ndi sipikala. Ndinakuwa ndili kumbuyo kuti phungu sagwada, dzuka iwe! Anadzuka, koma mawu anamuthera pomwepo. Ana amenewa analeredwa kuti pagulu munthu sutsutsa chomwe chachokera kwa wamkulu, ndipo onse ankaona bwino kuti bilu ija inali yolembedwa ndi dzanja langa.

Ndiye inaimirira nduna yanga. Sanawerenge papepala. Anati aliyense m'nyumba muno ali ndi munthu kwawo amene amapita kumunda yekha kuti iyeyo akhale pa desiki. Anati wochedwa sadzibera yekha, amabera mayi ake omwe akulima mzere womwe akanalima iye. Anati ngati pali wina amene sukulu yamukwana, apereke malo kwa anzake omwe sanasankhidwe, alipo ambiri m'midzimu ndipo akulira. Anyamata a pagulosale aja anaweramitsa mitu. Ine kumbuyo kuja ndinkangomwetulira ngati chitsiru, kunyadira mwana wanga.

Sipikala atati ogwirizana nayo akweze manja, anakweza a boma onse ndi theka la otsutsa. Bilu yomwe ndinailemba kuti igwe inadutsa. Ndinadabwa, koma ndinati palibe kanthu, phunziro lipitirire, tsopano ipite kwa pulezidenti.

Pulezidenti anali ahedi athu, bambo wachikulire wokonda nthabwala, yemwe ndinali nditamupempha dzulo lake. Analowa atavala jekete, ana akuwomba m'manja, nakhala pa tebulo langa. Anasaina ndi cholembera chofiira. Kenako, pofuna kusangalatsa ana, anatulutsa m'thumba chidindo cha sukulu, anachipumira mpweya, n'kuchimenya papepalapo, phaa! Kalasi yonse inakuwa. Ine ndinawomba nawo m'manja, ndipo pepalalo ndinalimata ndekha pakhoma pafupi ndi bolodi.

Sabata yotsatirayo sanachedwe aliyense. Ndinkauza aphunzitsi anzanga pa nthawi ya tiyi kuti mwaona, ana amamvera lamulo lomwe apanga okha. Sindinadzifunse kuti akulimvera chifukwa chiyani.

Mvula inayamba kumayambiriro kwa Disembala, ndipo inabwera ndi malungo anga. Ndinagona masiku anayi kuchipatala ku Nguludi, n'kupumanso kunyumba masiku ena. Nditabwerera kusukulu ndinapeza desiki ya nduna yanga pawindo paja ili yokha. Ndinaganiza kuti nayenso wadwala. Tsiku lachiwiri ndinaona kuti pakhoma patsala zomatira zokha, pepala palibe, ndiye ndinafunsa kuti lamulo lathu lija lapita kuti.

Sipikala anaimirira mwaulemu, manja kumbuyo. "Tinamupatsa mwini wake, Madamu."

"Mwini wake ndani?"

"Anduna. Anachedwa Lolemba, Lachitatu ndi Lachinayi. Akuti mtsinje unadzaza, ankadikira kuti madzi aphwe. Ndiye Lachinayi tinalemba dzina lake pansi pa chidindo n'kumupatsa."

Ndinaima pamenepo choko chili m'manja, osamvetsa. Ndinafunsa kuti ndiye ali kuti. Anati kwawo. Ndinafunsa kuti wamuchotsa ndani. Anayang'anizana okhaokha, kenako wina kumbuyo anati lamulo, Madamu.

Mmene ndinakalipira tsiku limenelo, a Folomu 4 anasiya kulemba n'kubwera pamawindo. Ndinawatcha mbuzi. Ndinati mwapenga kodi, kalasi yonse yathunthu palibe ndi mmodzi yemwe wamutu? Zija zinali zongoyeserera! Mpini wa khasu uja munkauona ngati chiyani? Nditatopa, mtsikana wa m'kwaya uja anakweza dzanja pang'onopang'ono.

"Koma Madamu, munatiuza kuti pulezidenti akasaina ndiye kuti ndi lamulo. Munatinso lamulo siliona nkhope."

"Ndinatero, koma ndinkanena za dziko!"

"Nanga chidindo chija, Madamu? Si chomwe chija chili pa malipoti athu?"

Ndinafunsa ngati mnzawoyo anakana kapena kulira. Sipikala anati ayi, analandira ndi manja awiri, n'kutenga chikwama chake. Anati iwonso zinawamvetsa chisoni kwambiri, ndipo atsikana anamuperekeza mpaka pa chitsime.

Ahedi nditawafotokozera anaseka mpaka kupukuta misozi. Ataona nkhope yanga anasiya. Anati ndipite ndikamutenge mwanayo, nkhani yake ndi yaing'ono.

Loweruka ndinabwereka njinga. Ndinapalasa, ndinakankha, ndinavula nsapato powoloka mtsinje uja, ndipo madzi ake, tsiku lopanda mvula, anandifika m'maondo. Anthu anandilozera kwa amjomba ake a mtsikanayo, mlongo wa mayi ake, poti ndiwo ankayang'anira za sukulu yake. Ndinawapeza pakhonde la sitolo akusoka pa makina, bambo wodekha wovala kachipewa koyera. Anandipatsa mpando, tinalonjerana, ndipo ndinayamba kufotokoza mothamanga kuti pachitika kusamvana, mwana sanachotsedwe, zinali zongoyeserera m'kalasi, Lolemba abwere.

Anandimvetsera osandidula. Kenako anatsegula kabati ya makina aja n'kutulutsa pepala lija, litapindidwa bwino m'kapulasitiki.

"Aphunzitsi, chidindo ichi n'cha sukulu yanu?"

"Eya, bambo, koma..."

"Siginecha iyi ndi ya ahedi anu?"

"Ndi yawo."

"Nanga zilembozi?"

"Zanga."

Anagwedeza mutu. Anati iwo sanapite patali ndi sukulu, koma m'moyo wawo wonse sanaonepo chidindo choseweretsa. Cha kuchipatala sichinama, cha kwa amfumu sichinama, cha kupolisi sichinama. Anati pamene ankamupititsa mwanayu ku sukulu ya mpingo, abale ena anawaletsa, amati akhristu adzamupezera chifukwa tsiku lina. Iwo anakana, anati sukulu ndi sukulu. Tsopano pepala labwera, abale aja aliona, ndipo iwo akhala akuyenda mutu uli pansi.

"Sindikukutsutsani, aphunzitsi. Mwina n'zoona mukunenazi. Koma mwana anachoka ndi pepala la chidindo. Ndikamubweza ndi mawu apakamwa, mawa wina akamuthamangitsanso, ine ndidzaonetsa chiyani? Bweretsani pepala lina, la chidindo chomwechi, lonena kuti abwerere. Tsiku lomwelo ndidzamuperekeza ndekha."

Ndinapempha kuti ndimuone mtsikanayo. Anati ali kumunda ndi mayi ake, kutsidya, ndipo mitambo inali itayamba kuda. Ndinaopa mtsinje uja. Ndinakwera njinga n'kubwerera, ndikudziuza kuti pepala ndi nkhani ya mphindi zisanu.

Lolemba m'mawa ndinalowa muofesi ndi kalata nditailemba kale, yoti wophunzirayu waloledwa kubwerera. Ahedi anaiwerenga n'kuikankhira kwa ine. Anati sangadinde, chifukwa mwanayo sanachotsedwe, dzina lake lili m'kaundula, ndipo kalata yotere ikafika kwa akuluakulu a zamaphunziro idzaoneka ngati iwo anachotsadi mwana wa Chisilamu pa sukulu ya mpingo popanda mlandu. Ndinati chabwino, tilembe kuti pepala loyamba lija linali losewera. Anati ayi ndithu, akalemba zimenezo ndiye kuti akuvomera ndi dzanja lawo kuti amasewera ndi chidindo cha sukulu, nanga a komiti ya mpingo akamva?

"Ndiye titani, ahedi? Mwana ali kumudzi!"

"Musakuwe, Madamu, ana akumva."

"Amve! Chidindocho munamenya ndinu!"

"Bilu munalemba ndinu."

Tinayang'anizana. Mpaka pano sindidziwa kuti wolakwa kwambiri anali ndani pakati pa ife awiri. Ataganiza kwakanthawi ahedi anati pali njira imodzi yomwe siwaika m'mavuto. Nyumba yomwe inapanga lamuloyo ikumanenso, ilifafanize, iwo adzasaina ngati pulezidenti monga poyamba, ndipo wina akadzafunsa adzati ndi phunziro lomwe lija likupitirira. Ndinati ndiye kuti tikuchiza zongoyeserera ndi zongoyeserera zina? Anati eya, bola pali chidindo.

Ndinavomera, koma sabata imeneyo mayeso a teremu anali atayamba. Madesiki anali atatalikitsidwa, makalasi atasakanizidwa, ndipo ahedi anati Nyumba ya Malamulo idikire. Mayeso atatha ana anabalalika, theka osabweranso kudzatenga malipoti chifukwa kunali kupalira. Sipikala anandiuza kuti anthu sakukwana, munatiphunzitsa nokha kuti nyumba siikhala aphungu akachepa. Ndinafuna kumumenya ndi mpini wake womwewo. Sukulu inatsekera. Ndinatuma uthenga kwa amjomba aja kudzera mwa mayi wina wogulitsa tomato kuti pepala likubwera Januwale. Kaya unafika, kaya sunafike, sindinamve yankho.

Sabata yoyamba ya Januwale ndinaitanitsa nyumba ija. Tinapemphera. Kenako sipikala anafunsa kuti bilu yofafaniza ibwera ndi ndani, poti nduna ya maphunziro palibe. Ndinaloza mnyamata wina wa pawindo, mmodzi wa a pagulosale aja, n'kumupatsa pepala. Analiwerenga mojejema, n'kukhala pansi.

Apa ndi pamene mutu wanga unazungulira kwenikweni. Otsutsa aja, omwe mu Novembala ankapepesa ndi kugwada, pa tchuthi anali ataphunzira ntchito yawo. Wina anaimirira n'kunena kuti boma ili ndi losadziwa chomwe likufuna, dzulo lapanga lamulo, lero likulifafaniza. Wina anati lamulo tinalipempherera, tikalichotsa ndiye kuti tinamunamiza Mulungu. Wina anati chiyambireni lamuloli palibe akuchedwa, nanga tilichotserenji chifukwa cha munthu mmodzi? Ankalankhula bwino, abale, mfundo zomveka, zomwe ndinkazilakalaka pa tsiku loyamba lija. Ndinkafuna kuwapatsa malikisi, ndinkafunanso kuwatsina makutu.

Ndinaimirira kuti ndilankhule. Sipikala anagogoda ndodo pansi. "Pepani Madamu, inu si phungu."

Ndinakhala pansi. Ine, mwini kalasi.

Amene anatipulumutsa anali mtsikana wa m'kwaya uja, wa mbali yotsutsa. Sananene zambiri. Anati iye anapita kukaona mtsinjewo pa tchuthi, ndipo aliyense wofuna kusunga lamuloli ayambe wakawoloka m'mawa mvula itagwa usiku. Povota manja anali pafupifupi ofanana, moti sipikala anawerenga kawiri. Ofafaniza anaposa ndi atatu. Ahedi anabwera opanda jekete, anasaina, anadinda mwakachetechete, ndipo pansi pake ndinalemba kuti aliyense amene anachotsedwa ndi lamulo lakale abwerere.

Sindinadikire Loweruka. Ndinapempha mnzanga kuti andigwirire makalasi a masana, n'kukwera njinga. Pakhonde la sitolo paja makina anali ovundikiridwa ndi chitenje, ndipo anthu anandiuza kuti atelala apita ku maliro. Mwana wina anandilozera nyumba ya mlongo wawo. Ndinaodira, ndipo anatuluka mayi wochepa thupi, nkhope ngati ya nduna yanga yomwe, manja ali ndi dothi. Anandiyalira mkeka.

Ndinatulutsa pepala ndi manja awiri. Ndinati mayi, nali pepala lomwe achimwene anu ankafuna, chidindo ndi ichi, mwana abwere mawa.

Analilandira, analiyang'ana pa chidindopo nthawi yaitali, n'kulipukuta m'mphepete pomwe chala chawo chinadetsa. Kenako anati mwanayo kulibe. Anadikira Disembala yense, yunifolomu itachapidwa. Sukulu zitatsegulidwa Lolemba, anaona anzake akudutsa, anakhala m'nyumba tsiku lonse osadya. Mawa lake kunabwera msuweni wawo wa ku Limbe yemwe ankafuna munthu womulerera mwana, ndipo mtsikanayo ananena yekha kuti apita nawo. Amjomba ake anayesa kumuletsa, anati dikira sabata imodzi. Iye anati akudikira chiyani, poti lamulo analiikira kumbuyo ndi pakamwa pake pamaso pa anzake onse.

Linali Lachinayi. Ndinachedwa ndi masiku awiri.

Ndinafunsa nambala ya foni ya msuweniyo. Anati ali nayo achimwene awo, akabwera kumaliro adzanditumizira. Anadzanditumiziradi, ndinaimba kangapo, ndipo tsiku lomwe msuweniyo anandiyankha anati mtsikanayo ali bwino, wazolowera, za sukulu aona chaka chamawa. Chaka chamawacho sanabwere.

Koma tsiku limenelo pamkeka paja ndinali ndisanadziwe zonsezi. Mayi aja anapinda pepala lija bwinobwino, kenako anandifunsa mwaulemu kuti ndiwafotokozere, poti achimwene awo anayesa koma iwo sanamve. Anati kodi mwana wawo analakwa chiyani kwenikweni? Ndinati sanalakwe kanthu, mayi. Anati nanga pepala loyamba lija? Ndinati linali phunziro chabe, ndinkawaphunzitsa mmene malamulo amapangidwira, ndiye tinkachita ngati ndife aphungu. Anati ngati aphungu a pawailesi aja? Ndinati eya, ngati omwewo. Anayang'ananso pepala m'manja mwawo.

"Ndiye linali phunziro," anatero.

"Phunziro, mayi."

"Nanga wangayu anakhoza?"

Ndinati anakhoza, mayi, anaposa anzake onse.

Nkhope yawo inamasuka pang'ono. Anati zikomo aphunzitsi, akadzabwera kudzationa ndidzamuuza, adzasangalala. Kenako analowa m'nyumba kukanditengera nkhaka za kumunda zoti ndidye m'njira.